Keren-happuch, dzina la mwana wa Yobu limene makolo amalilambalala

Buku la Yobu lili ndi mitu 42, ndipo mwa ana 20 amene munthuyu anabereka, atatu okha ndiwo anatchulidwa maina. Khumi oyamba aja, amene nyumba inawagwera ali pa madyerero kwa mkulu wawo, anapita opanda dzina. Mwa khumi obadwa mavuto atatha, anyamata 7 sitiwadziwa ngakhale mmodzi. Mayi wa m'nyumbamo nayenso amangotchedwa mkazi wa Yobu, basi. Koma pa mutu 42 ndime 14 wolemba akuima n'kutchula atsikana atatu mmodzimmodzi: Yemima, Keziya ndi Keren-happuch, amene pakamwa pathu amatuluka kuti Kerenihapuki.

Awiri oyambawo timakumana nawo. Jemima ndi Keziya amaitanidwa m'kalasi, amalengezedwa pa ubatizo, amakwatiwa. Wachitatuyu ngosowa. Wina anganene kuti vuto ndi kutalika kwa dzinalo, ndipo sakunama, ngakhale kuti ife amene timatcha ana athu Chimwemwe, Tiyanjane ndi Mwayiwawo sitiyenera kuopa dzina lalitali. Vuto lenileni lili pa tanthauzo. Dzinali limanena nyanga yosungiramo utoto wakuda wopaka m'maso. Kachibotolo ka zodzoladzola. Munthu wolungama, wamkulu woposa onse a kum'mawa, anatcha mwana wake dzina limeneli, ndipo kwa zaka zoposa 2,000 omasulira ndi alaliki akhala akulizungulira, kufunafuna polipindira kuti limveke laulemu.

M'Chihebri dzinali ndi mawu awiri olumikizidwa: keren, nyanga, ndi puk, utotowo. Kachidutswa ka ha kali pakatiko kamangoloza chinthu chodziwika kale. Utoto umenewu ndi uja Aluya amautcha kohl, Aswahili wanja. Unkapangidwa posinja mwala wakuda wonyezimira mpaka ukhale ufa wosalala, n'kuusakaniza ndi mafuta kapena madzi. Munthu ankaviika kamtengo kosongoka bwino, ka mnyanga wa njovu kapena ka mkuwa, n'kulemba nako mzere m'mphepete mwa zikope kuti maso aoneke aakulu ndi owala. Miyala yake inali ya mitundu iwiri. Wina unali wa mtovu, ndipo ndi umene akatswiri amaupeza kwambiri akapima zotsalira m'manda a ku Ejipito. Wina ndi umene Aroma ankautcha stibium, ndipo amene anaphunzirako sayansi ku sekondale akumbuka chizindikiro cha Sb chimene chinachokera pamenepo.

Sizinali za akazi okha. Ku Ejipito amuna, akazi ndi ana ankapaka, chifukwa utotowo unkachepetsa kuthobwa ndi dzuwa la m'chipululu ndipo ankaukhulupirira kuti umateteza ku nthenda za maso. Unali katundu wa malonda wamtengo wake. M'manda a nduna ina dzina lake Khnumhotep II ku Beni Hasan muli chithunzi cha pakhoma cha m'zaka za m'ma 1890 Yesu asanabadwe. Chikuonetsa alendo ochokera kum'mawa, ovala nsalu zamawangamawanga, ali ndi abulu, akazi ndi ana, ndipo mawu olembedwa pamwamba pawo akuti anali anthu 37 amene anabwera ndi utoto wa m'maso. Ulendo wonsewo, mphatso yoyenera kuilemba pakhoma la manda a munthu wamkulu inali imeneyi. Tisaiwale kunenapo kuti utoto wa mtovuwu ukugulitsidwabe m'maiko ena mpaka lero, ndipo madokotala amachenjeza kuti ndi woopsa, makamaka kwa makanda amene amapakidwa m'maso.

Nanga nyanga ikubweramo bwanji? Apa Mmalawi amayamba wadzidzimuka. Kwathu kuno tikati uje ali ndi nyanga sitinena za ng'ombe, ndipo palibe gogo amene angalole mdzukulu wake kutchedwa dzina loyamba ndi mawu amenewa. Koma kwa Aisraeli nyanga inali chotengera wamba, monga momwe nsupa inalili kwa makolo athu isanatchuke ndi za asing'anga. Samueli anadzaza nyanga ndi mafuta popita ku Betelehemu kukadzoza Davide. Wansembe Zadoki anatenga nyanga ya mafuta m'chihema n'kudzoza Solomoni. Nyanga yaing'ono yotsekera bwino inali yabwino kusungiramo ufa wodula umene suyenera kunyowa kapena kumwazika. Mawu omwewo ankanenanso mphamvu ndi ulemu wa munthu, potengera nyama imene yatukula mutu. Hana atapatsidwa mwana anaimba kuti nyanga yake yakwezeka. Tanthauzo lachiwirili tibwereranso, chifukwa Yobu mwiniwake analigwiritsa ntchito.

Chimene chinaipitsa dzinali ndi anzake a mawu akuti puk. Amapezeka malo ochepa kwambiri m'Chipangano Chakale, ndipo malo otchuka kuposa onse ndi 2 Mafumu 9:30. Yehu akulowa mu Yezireeli, Yezebeli wamva, ndiye akupaka maso ake ndi puk, akukonza tsitsi, akusuzumira pawindo. Ndime zochepa kutsogolo kwake waponyedwa pansi ndipo agalu amudya. Yeremiya 4:30 akufanizira Yerusalemu ndi mkazi wovala zofiira ndi golide, wokuza maso ake ndi puk, pomwe zibwenzi zake zikufuna kumupha. Ezekieli 23:40 ali ndi chithunzi chonga chomwecho, ngakhale anagwiritsa ntchito mawu ena. Buku la Enoki, limene Tchalitchi cha Orthodox cha ku Ethiopia chimaliwerengera m'Baibulo, limanena kuti amene anaphunzitsa anthu kukongoletsa zikope anali mngelo wopanduka Azazeli, yemweyo amene anawaphunzitsa kusula malupanga. Pofika cha m'ma 200, Tertullian, mlembi wachikhristu wa ku Carthage, ankalemba modzudzula akazi achikhristu odetsa maso, ndipo Cyprian, bishopu wa mzinda womwewo, anapitiriza nyimbo yomweyo. Amene anakulira m'mipingo ina yakwathu kuno akudziwa kuti nyimboyi siinathe: mtsikana akalowa m'tchalitchi atajambula nsidze, dzina limene limanong'onedwa kumbuyo ndi la Yezebeli, osati la mwana wa Yobu.

Komatu mawu omwewo ali ndi malo ena awiri amene salalikidwa kawirikawiri. Pa Yesaya 54:11 Mulungu akulonjeza mzinda wozunzika, wokankhidwa ndi namondwe, wosatonthozedwa, kuti adzayala miyala yake mu puk, ngati kuti mwala uliwonse wamtengo wapatali udzazunguliridwa ndi mzere wakuda kuti uwale ngati diso. Pa 1 Mbiri 29:2 Davide akuwerenga zimene wasonkhanitsa zomangira Kachisi, ndipo pakati pa golide, siliva ndi mkuwa pali miyala ya puk. Ndiye chinthu chimodzimodzicho chili pankhope ya Yezebeli, chilinso pakhoma la nyumba ya Mulungu.

Oyamba kulizemba dzinali anali Ayuda a ku Ejipito amene anamasulira Malemba m'Chigriki, Baibulo lija limatchedwa Septuagint. Yemima anamutcha Hemera, kutanthauza usana, poganiza kuti dzinalo likuchokera ku mawu a Chihebri onena tsiku, ngakhale akatswiri ambiri lero amalilumikiza ndi mawu a Chiarabu onena njiwa. Keziya anamusiya ngati Kasia, khungwa lonunkhira la mtengo wa mtundu wa sinamoni, limene Salimo 45 limati zovala za mfumu zimanunkhira nalo. Atafika pa wachitatu anachita chinthu chodabwitsa: analemba kuti Amaltheias keras, nyanga ya Amaltheia. Amaltheia sali m'Baibulo. Ndi wa m'nthano za Agriki, mbuzi imene inayamwitsa mulungu wawo Zeus ali wakhanda wobisidwa kuphanga pa chilumba cha Crete, kapena, m'nthano zina, namwali amene ankaweta mbuziyo. Nyanga yake inathyoka n'kusanduka chotengera chosatha, chotulutsa zipatso ndi chakudya chilichonse mwini wake angafune. Taonani pamene anafika omasulirawa: anaona kuti n'kwabwino kubwereka mbuzi ya mulungu wachikunja kusiyana n'kulemba kuti utoto wa m'maso. Mwina ankangofuna mawu amene Mgriki aliyense akanamva kuti akunena za chuma chosefukira, pakuti mutuwo ukukamba za nkhosa 14,000, ngamila 6,000, ng'ombe zapagoli magoli 1,000 ndi abulu aakazi 1,000. Koma zotsatira zake n'zakuti kwa zaka mazanamazana Akhristu olankhula Chigriki sankadziwa n'komwe kuti m'dzinali muli zodzoladzola.

Jerome, pomasulira Baibulo m'Chilatini kuchokera ku Chihebri cha m'ma 390, sanabise kanthu. Analemba Cornustibii, nyanga ya stibium. Koma patapita zaka pafupifupi 200, Gregory Wamkulu, amene anali Papa kuyambira 590 mpaka 604 ndipo analemba mabuku 35 ofotokoza Yobu, analidula dzinalo pena. M'malo mwa stibium anaonamo tibia, chitoliro, ndipo mtsikanayo anasanduka nyanga ndi chitoliro, chizindikiro cha nyimbo ya okondwera. N'zokoma kumva, kungoti si zimene zinalembedwa.

Aphunzitsi a Chiyuda, arabi aja, nawonso analimbana nalo. Mu Talmud, buku lalikulu la ziphunzitso zawo, gawo la Bava Batra, akufotokoza kuti Yemima anali ngati usana ndipo Keziya fungo lake linkafalikira ngati kasiya. Pa wachitatu, ophunzira a Rabi Shila anati ankafanana ndi nyanga ya nyama ina yam'thengo yotchedwa keresh. Bukulo likunena kuti aphunzitsi a ku dziko la Israeli atamva zimenezi anaseka, n'kunena kuti kufanana ndi nyanga yotero ndi chilema, si kukongola. Rav Hisda ndiye anabwera ndi lina, kuti anali ngati safironi (duwa lonunkhira) wabwino koposa wa m'munda. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti kusekako anakulemba, sanakufufute.

Kwa ine, kumasulira kogwira mtima kuli m'buku la Yobu momwemo, ndipo sikufuna kusintha chilembo ngakhale chimodzi. Pa mutu 16 ndime 15, ali paphulusa, thupi lonse zilonda, Yobu akuti wasokerera chiguduli pakhungu lake ndipo nyanga yake waikwirira m'fumbi. Mawu ake ndi omwewo, keren. Mabaibulo ena amaika mphamvu kapena ulemu pamenepo, ndiye woŵerenga saona kulumikizanako. Ndime yotsatira akuti nkhope yake yafiira ndi kulira, ndipo pa zikope zake pali mthunzi wa imfa. Nyanga ndi zikope zakuda, m'ndime ziwiri zotsatizana. Tikafika ku mutu 42, zinthu ziwiri zomwezo zakumananso m'dzina la mwana wotsiriza kutchulidwa, koma nyanga yatuluka m'fumbi, ndipo mdima wa pa zikope tsopano ndi umene mtsikana amadzipaka dala akamapita ku chikondwerero. Wolemba buku limeneli anali mmisiri wa mawu amene sankataya liwu pachabe, ndipo ine ndimakhulupirira kuti anachita dala.

Zimenezi zimamveka kwambiri kwa ife chifukwa tili ndi mwambo wathu wotcha ana obadwa pambuyo pa maliro. Banja limene laika ana motsatizana limatcha wotsatirayo Mavuto, Masautso, Chisoni, Maliro kapena Manda, pena podandaula, pena pofuna kuti imfa imunyoze mwanayo n'kumudutsa. Ena amapita mbali inayo n'kutcha Pilirani, Limbani, Tadala kapena Madalitso, maina amene ali ngati ulaliki waufupi. Yobu anali ndi zifukwa zonse zochitira chimodzi mwa ziwirizi. Aisraeli anali nawo maina otere: Rakele akumwalira pobereka anatcha mwana wake Benoni, mwana wa chisoni changa, ndipo maina ambirimbiri a Chihebri ali ndi dzina la Mulungu mkati mwake, monga Eliya, Yesaya ndi Elizabeti. Koma m'maina atatu a ana a Yobu mulibe Mulungu, mulibe phunziro, mulibe chikumbutso cha zimene zinachitika. Muli mbalame, mafuta onunkhira ndi utoto. Bambo amene kale ankadzuka m'mamawa kupereka nsembe poopa kuti mwina ana ake achimwa m'mitima pa madyerero awo, tsopano akutcha mwana dzina la chinthu chimene ntchito yake ndi kukongoletsa basi. Ndipo ndi iyeyo amene akutcha. M'nkhani zambiri za Chipangano Chakale amayi ndiwo amapereka dzina, monga Leya, Rakele ndi Hana, koma pano mneni wa Chihebri akuloza mwamuna.

Ndime 15 ikuwonjezera ziwiri. Choyamba, m'dziko lonse munalibe akazi okongola ngati ana a Yobu. Chachiwiri, bambo awo anawapatsa cholowa pamodzi ndi alongo awo. Chachiwirichi n'chachilendo kuposa momwe chimamvekera kwa Mchewa, amene anazolowera kuti munda umayenda kuchikazi ndipo mwamuna ndi mkamwini. M'chilamulo cha Mose mwana wamkazi ankalandira cholowa pokhapokha ngati panalibe mwana wamwamuna. Lamuloli linabwera ana aakazi asanu a Zelofehadi atadandaula kwa Mose pa Numeri 27, ndipo pa mutu 36 anawaikira malire akuti akwatiwe ndi amuna a fuko lawo lomwelo kuti malo asachoke. Ana a Yobu anali ndi alongo 7 amoyo, koma analandirabe gawo lawo, popanda malire alionse olembedwa. N'zoona kuti Yobu anali wa ku dziko la Uzi, sanali Mwisraeli, koma bukulo linalembedwera anthu odziwa chilamulo, ndipo iwo anaiona mfundoyo.

Kuti anaiona tikudziwira pa buku lina lachigriki lotchedwa Chipangano cha Yobu, lolembedwa chapafupi ndi nthawi ya Yesu, limene silili m'Baibulo. M'menemo Yobu ali pafupi kufa ndipo akugawa chuma chonse kwa anyamata okha. Atsikana akudandaula, ndiye bambo awo akuwapatsa zingwe zitatu zonyezimira zomanga m'chiuno, n'kuwauza kuti n'zoposa cholowa cha alongo awo. Aliyense atamanga chake mtima wake ukusintha, sakuganizanso za dziko, ndipo akuyamba kuimba m'chilankhulo cha angelo. Wachitatu, Nyanga ya Amaltheia uja, akulankhula chilankhulo cha akerubi. Nkhaniyi ndi yokongola, ndipo ena amaiwerenga ngati yokweza akazi. Ine ndimaona kuti mtsikanayu walandidwa kawiri: utoto unachoka kale m'dzina, tsopano ngamila ndi minda zachokanso, watsala ndi nyimbo. Amasiye ambiri kwathu kuno, amene achibale anawatengera nyumba n'kuwasiyira mawu otonthoza, angaizindikire nkhani imeneyi, ndipo n'chifukwa chake Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye mu 2011.

Kuti dzinali lichoke m'buku n'kufika pa ana enieni, panafunika anthu owerenga Baibulo lonse m'chilankhulo chawo, mpaka m'makona mwake. Izi zinachitika ku England pambuyo pa kugawanika kwa mpingo, Baibulo la Geneva litatuluka mu 1560 ndi la King James mu 1611. Akhristu okhwimitsa zinthu otchedwa Puritans anakana maina a oyera mtima a Katolika n'kuyamba kufukula maina m'Chipangano Chakale, ndipo anapita nawo ku America. Mabanja ena okhala ndi atsikana atatu ankawatcha maina onse atatu motsatira ndondomeko ya Yobu. Apa pali chifukwa china chosavuta cha kusowa kwa dzinali: Jemima ankafuna mtsikana mmodzi, Keziya awiri, koma Keren-happuch kawirikawiri ankadikira kuti abadwe wachitatu, ndiponso kuti makolo akhale asanatope nayo ndondomekoyo.

Mmodzi wa odziwika amene analisenza ndi Kerenhappuch Turner. Pa 15 Malichi 1781 asilikali a America otsogozedwa ndi Nathanael Greene anamenyana ndi a Britain otsogozedwa ndi Cornwallis pa Guilford Courthouse, pafupi ndi mzinda wa Greensboro ku North Carolina. Mbiri imene mbumba yake inasunga imati mayiyu, ali wachikulire kale, anakwera kavalo kuchokera ku Maryland kukasamalira mwana wake amene anavulala pa nkhondoyo, n'kusamaliranso ovulala ena. Mu 1902 anamuimikira chipilala pamalo a nkhondowo, chomuonetsa ataima, chikho m'dzanja, kansalu pamkono. M'maiko olankhula Chisipanishi dzinali limalembedwa Keren-hapuc, ku Brazil Quéren-Hapuque, ndipo limapezekapezeka m'mabanja okonda Baibulo kumeneko komanso ku West Africa. Kuno kwathu Baibulo lonse la Chinyanja, Buku Lopatulika, linatuluka mu 1922 pansi pa utsogoleri wa William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo kuyambira pamenepo dzinali lakhala lili poyera kwa aliyense wofika kumapeto kwa Yobu. Makolo atengamo Yobu mwiniwake, atengamo Yemima ndi Keziya, koma pa wachitatuyu ambiri amatseka buku.

Theka loyamba lokha ndilo linayenda bwino. Ku Israeli lero Keren ndi dzina wamba la akazi, ndipo makolo olisankha saganiza za nyanga, amaganiza za cheza cha kuwala, chifukwa mawuwa amanenanso zimenezo. Ndi kuŵirikiza komweku kumene kunameretsa Mose nyanga. Eksodo 34 imati nkhope yake inkanyezimira potsika phiri la Sinai, pogwiritsa ntchito mneni wochokera ku mawu omwewa, koma Jerome anamasulira kuti inali ndi nyanga, ndipo n'chifukwa chake chosema cha Mose chimene Michelangelo anapanga, chimene chili m'tchalitchi cha San Pietro in Vincoli ku Rome, chili ndi tinyanga tiwiri pamphumi.

Keren asasokonezedwe ndi Karen, ngakhale kuti m'makaundula a sukulu ndi a chipatala awiriwa amalembedwa mosinthanasinthana. Karen ndi chidule cha ku Denmark cha dzina la Katherine, ndipo alibe ubale uliwonse ndi Chihebri. Theka lachiwiri nalo lili ndi msampha wake. Mabanja a ku America amene anali ndi Kerenhappuch m'nyumba ankamuitana kuti Happy, pongotengera kamvekedwe, ndiye amene amafufuza mibadwo ya makolo awo amatha kupeza mayi mmodzi yemweyo atalembedwa Keren pa ubatizo, Karen pa ukwati, ndi Happy pa mwala wa pamanda.